Mphindi ziwiri zoyamba: mmene ophunzira amapangira chiyambi cha filimu ya achifwamba

Kwa zaka zingapo, ophunzira a ku England amene ankatenga phunziro la Media Studies pansi pa bungwe la mayeso la OCR ankapatsidwa ntchito yooneka yaing'ono: kupanga chiyambi cha filimu yatsopano, chokhala ndi mayina a oipanga, chosapitirira mphindi ziwiri. Ankagwira ntchitoyi m'magulu a anthu osaposa anayi, ndipo zithunzi ndi mawu onse zinkayenera kukhala zojambula okha, kupatula nyimbo zimene eni ake analola kuti aliyense azigwiritse ntchito. Ntchito yomweyi ndi imene ife a kalabu ya zisudzo tapatsa ophunzira a Fomu 3 teremu ino. Magulu ena asankha nkhani za achifwamba, ndipo makolo angapo atifunsa funso loyenera: kodi mwana wasukulu akuphunzira chiyani pojambula nkhani ya anthu olanda ndi oopseza anzawo?

Yankho lathu lagona pa zosankha. Ngati kamera ikujambula zithunzi 25 pa sekondi, m'mphindi ziwiri muli zithunzi 3,000, ndipo palibe n'chimodzi chomwe chimene chimangobwera chokha. Pali munthu amene amasankha pamene kamera iime, mbali imene kuwala kuchokere, phokoso limene limveke ndi pamene chithunzi chidulidwe. Zosankha zimenezi ndi zimene zimauza woonera kuti wamphamvu ndani, wamantha ndani, komanso ngati umbanda ndi chinthu chosiririka kapena chinthu chowononga anthu. Wophunzira amene wagwirapo ntchitoyi amayamba kuzindikira dzanja limene limamukoka mtima akamaonera kanema. M'nkhani ino tifotokoza zosankhazo chimodzichimodzi, kuti makolo adziwe zimene ana awo akuchita, ndiponso kuti ophunzira a makalasi ena athe kuyesera.

Makomo anayi olowera m'nkhani

Chiyambi cha filimu chili ndi ntchito zinayi: kusonyeza malo ndi nthawi, kutionetsa mtengambali amene timutsatire, kutidziwitsa mtundu wa nkhani, ndi kusiya funso limene woonera akufuna yankho lake. Gulu limene layesa kulongedza kuba, kuthawa, kugwidwa ndi kuweruzidwa m'mphindi ziwiri limatsala ndi chipwirikiti chokhachokha. Mafilimu anayi otchuka akutisonyeza njira zinayi zosiyana zoyambira. Onsewa ndi mafilimu a akuluakulu, choncho m'kalasi timaonetsa zigawo zosankhidwa zokha.

The Godfather, filimu ya Francis Ford Coppola ya mu 1972, imayamba ndi mdima ndi kulira kwa lipenga. Kenako imaoneka nkhope ya bambo wina wokonza maliro, amene akudandaula kuti anyamata awiri anavulaza mwana wake wamkazi koma khoti silinawatsekere m'ndende. Kwa mphindi pafupifupi zitatu chithunzi chimangofutukuka pang'onopang'ono osadulidwa, mpaka tiona phewa ndi dzanja la munthu amene akumvetsera. Mkulu wa gululo timamuona koyamba chakumbuyo, ali chete. Palibe mfuti kapena ndewu, koma woonera wadziwa kale kuti m'chipindamo muli munthu amene anthu amamuopa kuposa khoti. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo Coppola anadalira kudekha kwa woonera.

Goodfellas, ya Martin Scorsese ya mu 1990, imayambira pakati pa nkhani. Amuna atatu ali m'galimoto usiku, chaka cha 1970, ndipo akumva kugogoda kochokera kumbuyo. Amaima m'tchire natsegula buti, nkhope zawo zitafiira ndi magetsi akumbuyo kwa galimoto. Zoopsazo zitachitika, chithunzi chimaima pankhope ya woyendetsa, mawu ake n'kuyamba kufotokoza mbiri yake kuchokera ali mnyamata ku Brooklyn mu 1955. A Fomu 3 akudziwa kale chipangizo chimenechi m'phunziro la Chichewa: ndi kalozam'mbuyo. Woonera waona kumene moyowu umafikitsa munthu asanaone zokoma zake.

City of God, ya ku Brazil ya mu 2002, yotsogoleredwa ndi Fernando Meirelles ndi Kátia Lund, imayamba ndi mpeni ukunoledwa pamwala. Nkhuku imene ikuona zinzake zikusosoledwa imamasuka n'kuthawa, ndipo gulu la anyamata onyamula mfuti limaithamangitsa m'tinjira ta dera la anthu osauka la ku Rio de Janeiro. Zidutswa zambiri za chigawochi sizikwana n'komwe sekondi imodzi. Kuthamangako kumathera pa mnyamata wina wokonda kujambula, amene wapezeka pakati pamsewu, achifwamba kutsogolo, apolisi kumbuyo. Nkhuku ija ikuimira mnyamatayo, ndipo palibe amene wafunika kutiuza zimenezi ndi pakamwa.

Tsotsi, ya Gavin Hood ya mu 2005, yochokera m'buku la Athol Fugard, inajambulidwa ku Johannesburg ndipo inapambana mphoto ya Oscar mu 2006. Imayamba ndi madayisi akugubuduzika patebulo m'kanyumba ka malata. Anyamata atatu ali patebulopo, wachinayi waima payekha atawafulatira. Akamufunsa zoti achite usikuwo, timadziwa mtsogoleri wawo. Amapita kusiteshoni ya sitima, nasankha bambo amene waonetsa envulopu ya malipiro ake pogula kanthu. Akatha kumupha m'sitima yodzadza anthu, mmodzi wa anyamatawo amasanza. Kusanzako ndi chosankha cha opanga filimu: akufuna kuti imfa ya bamboyo itilemere.

Nkhani imayambira papepala

Ojambula amawerengera kuti tsamba limodzi la sewero lolembedwa bwino limatenga mphindi imodzi likajambulidwa. Choncho gulu lililonse lili ndi masamba awiri okha. Timalangiza malo amodzi kapena awiri, atengambali osaposa atatu, ndi chinthu chimodzi chimene wina akufuna koma wina akumutsekereza.

Tiyerekeze ndi nkhani iyi, imene tiigwiritse ntchito m'magawo onse otsatira. Ndi madzulo. Mwini golosale watseka chitseko ndipo akuwerenga ndalama kachiwiri, chifukwa sizikukwana zimene gulu lina limamulipiritsa mwezi ndi mwezi kuti lisamuthyolere. Pakhomo pamveka kugogoda. Wobwera kudzatenga ndalamazo ndi mnyamata wa zaka 16, mwana wa m'dera lomwelo, amene kale ankabwera kudzagula masiwiti. Panja pali galimoto imene injini yake sinazimitsidwe. Nkhaniyi ili ndi zonse zofunika. Mwini golosale akuopa mnyamata, mnyamata akuopa amene ali m'galimoto, ndipo woonera akufunsa chimene chichitike ndalama zikapezeka zoperewera.

Chitsanzochi chikuthetsanso vuto limene limagwetsa mafilimu ambiri a ophunzira. Mwana wa Fomu 3 atavala suti ya bambo ake ndi magalasi akuda, n'kumayankhula ngati bwana wa zigawenga, amaseketsa anthu m'malo mowaopsa. Ophunzira alembe mbali zogwirizana ndi msinkhu wawo: mnyamata wotumidwa, mlongo wake amene wayamba kukayikira, mnzake wa m'kalasi amene waona zosayenera kuona. Bwanayo asaoneke. Likhoza kungooneka dzanja lake likugogoda pachitseko cha galimoto, kapena angomveka mawu ake pafoni. Munthu amene sitikumuona amaopsa kuposa amene tikumuona, chifukwa woonera amamujambula yekha m'maganizo.

Sewero likalembedwa, gulu limajambula pamanja timabokosi tosonyeza chidutswa chilichonse, chimene akatswiri amachitcha storyboard. Luso lojambula silofunika, timitengo ndi timizere tikwanira. Pansi pa kabokosi kalikonse amalemba kutalika kwa chidutswacho, mawu oyankhulidwa ndi phokoso lomveka. Gulu limene lafika pamalo ojambulira lilibe pepala limeneli limataya nthawi pokangana, dzuwa n'kumalowa.

Pamene kamera yaima

Kamera ndi diso la woonera, ndiye pamene yaima ndi pamene woonera waima. Chidutswa chojambulidwa patali chimasonyeza malo: golosale, msewu wopanda anthu, galimoto itaima. Chapakatikati, choyambira m'chiuno kukwera, chimasonyeza mmene anthu awiri aimirana. Chapafupi kwambiri, chimene amachitcha close-up, chimasonyeza zamumtima: thukuta pamphumi, zala zikunjenjemera pa ndalama, maso a mnyamata akuzemba maso a munthu wamkulu. Gulu likamangojambula nkhope zapafupi kuyambira poyamba, woonera amasokera, ndipo chapafupicho chimatha mphamvu. Chisungidwe mpaka pamene mtima wa nkhani wafika.

Kamera ikakhala pansi n'kuyang'ana m'mwamba, munthu amaoneka wamkulu ndi woopsa. Ikakhala pamwamba n'kuyang'ana pansi, amaoneka wochepa. Apa ndi pamene funso la makolo limayankhidwa ndi manja a ophunzira. Akajambula mnyamata wathu uja kamera ili pansi, akuyenda mwachifatse, akhala kuti amuveka ufumu. Akamujambula kamera ili pamsinkhu wa maso ake, n'kutionetsa nsapato zake zasukulu zong'ambika, woonera aona mwana amene wagwa m'manja mwa anthu oipa. Nkhani ndi yomweyo, mawu ndi omwewo, koma phunziro lasintha.

Kuyenda kwa kamera nakonso kumayankhula. Kamera yokhazikika pa choimikapo chake cha miyendo itatu, kapena pa mulu wa mabuku, imabweretsa bata lochititsa mantha ngati la The Godfather. Kamera yogwira m'manja imabweretsa phuma ngati la City of God. M'chitsanzo chathu ikhoza kukhala chete pamene bambo akuwerenga ndalama, n'kuyamba kugwedezeka pang'ono kugogoda kukamveka. Kugwedeza kamera popanda chifukwa kumangochititsa woonera chizungulire.

Pali lamulo limodzi limene sitilola kuti lithyoledwe mwangozi, lotchedwa lamulo la madigiri 180. Anthu awiri akamayankhulana, tiyerekeze kuti pali chingwe chochokera kwa wina kufika kwa mnzake. Kamera iyenera kukhala mbali imodzi ya chingwecho nthawi yonse. Ikatero, mwini golosale amayang'ana kumanja m'zidutswa zake zonse, mnyamata amayang'ana kumanzere, ndipo woonera amakhulupirira kuti akuyang'anizana. Kamera ikadumpha chingwe, onse awiri amaoneka ngati akuyang'ana mbali imodzi. Ophunzira a ku England aja ankayamba ndi ntchito yoyeserera lamulo lomweli: munthu atsegule chitseko, adutse m'chipinda, akhale pansi moyang'anizana ndi mnzake, ayankhulane mawu ochepa. Ifenso timayambira pomwepo.

Foni ya m'manja ndi yokwanira pa ntchitoyi. Filimu yotchedwa Tangerine, ya Sean Baker ya mu 2015, inajambulidwa ndi mafoni a iPhone 5s ndipo inaonetsedwa m'nyumba za kanema. Chofunika ndi kuigwira bwino. Igonekedwe chopingasa, galasi lake lipukutidwe, ndipo mafoni olowa atsekedwe kuti asadule chidutswa pakati. Mafoni ambiri amalola kudina nthawi yaitali pankhope ya munthu kuti kuwala ndi kuoneka bwino kwa chithunzi zisamasinthesinthe zokha. Ngati foni ikulola, isankhidwe kuti izijambula zithunzi 25 pa sekondi, chifukwa magetsi athu amayenda pa 50 Hz, ndipo nambala zina zimachititsa kuti mababu ena azioneka ngati akuphethira. Kamera ya foni ikayandikira kwambiri nkhope imakulitsa mphuno, choncho wojambula aime chapatali pang'ono. Kukoka chithunzi ndi zala kumachiwononga.

Kuwala ndi mthunzi

Gordon Willis, amene anajambula The Godfather, ankaunika Marlon Brando kuchokera pamwamba, kotero kuti nthawi zambiri maso ake ankabisika mumthunzi. Woonera sankatha kuwerenga maganizo a munthuyo. Kunja kwa chipinda chamdimacho kunali phwando la ukwati wa mwana wake, dzuwa likuwala, ana akuthamanga. Filimuyo imasinthanasinthana malo awiriwa, ndipo kusiyana kwa kuwala kumanena mfundo yonse: chisangalalo cha pabwalo chikulipiridwa ndi zimene zikukambidwa mumdima.

Ophunzira akhoza kutengera nzeruyi ndi nyali imodzi. Azimitse babu la padenga, chifukwa limawalitsa chilichonse mofanana, n'kuika nyali ya sola kapena tochi yaikulu pambali pa nkhope. Theka la nkhope liwala, theka likhala mumdima. Mthunzi ukada kwambiri, katoni yomatidwa pepala loyera ikaikidwa mbali inayo imabweza kuwala pang'ono. Tochi ikakutidwa ndi nsalu yopyapyala yoyera, kuwala kwake kumafewa. Mtunda ndi wofunika: nyali ikasunthidwa kutali kuwirikiza kawiri, kuwala kofika pankhope kumatsala gawo limodzi la magawo anayi.

Mdima wa mufilimu umasiyana ndi mdima weniweni. Foni ikajambula malo opanda kuwala imatulutsa chithunzi cha timadontho ngati mchenga. Zigawo za panja zijambulidwe dzuwa litangolowa, thambo lisanade, ndipo nthawi imeneyi ndi yochepa kwambiri. N'chifukwa chake gulu liyenera kuyeserera masana, kuti nthawiyo ikakwana aliyense adziwe poima. M'chitsanzo chathu, magetsi a galimoto olowera m'ming'alu ya chitseko akwanira kutikumbutsa kuti panja pali wina amene akudikira.

Malo ndi zovala zisankhidwe ndi diso lomwelo. Mashelefu opanda katundu wokwanira akuuza woonera kuti bizinesi ikugwa. Buku la ngongole lotsegula patebulo likunena kuti bamboyu amakongoza anthu a m'deralo, mwinanso mayi a mnyamatayo. Wotchi yodula pamkono wa mwana wovala malaya akutha ikufunsa funso yokha. Chilichonse chooneka m'chithunzi chikhale ndi ntchito, ndipo chopanda ntchito chichotsedwe kamera isanayatsidwe.

Khutu limakhululuka mochedwa

Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu osamveka amawathamangitsa. Maikolofoni ya foni imene ikujambula zithunzi imakhala kutali ndi pakamwa, ndiye imatola mphepo, njinga zamoto ndi agalu. Njira yosavuta ndi kugwiritsa ntchito foni yachiwiri yojambula mawu okha, yobisidwa kuseri kwa paketi ya shuga patebulo kapena m'thumba la malaya. Chidutswa chilichonse chisanayambe, munthu mmodzi aombe m'manja kamodzi pamaso pa kamera. Polumikiza, kuombako kumathandiza kugwirizanitsa mawu ndi milomo. Asanachoke pamalopo, onse akhale chete kwa mphindi imodzi kuti ajambule phokoso la chipindacho, limene limadzatseka mipata pakati pa mawu.

Phokoso lambiri la mufilimu limawonjezedwa pambuyo pake. Luso limeneli limatchedwa foley, potengera dzina la Jack Foley, amene ankagwira ntchitoyi ku kampani ya Universal ku America. Ophunzira akhoza kujambula paokha kulira kwa makobidi, kukhuluzika kwa ndalama zamapepala, kulira kwa mahinjesi ndi mapazi pamchenga, n'kuziika pamalo pake. Kawirikawiri phokoso limayenera kufika chithunzi chake chisanaoneke. Timve injini ya galimoto kamera idakali pankhope ya mwini golosale, tione mmene nkhopeyo yasinthira, kenako tione galimotoyo.

Nyimbo ndi chida champhamvu kwambiri pa zonse, ndipo n'chifukwa chake timaisamala. Tsotsi imagwiritsa ntchito nyimbo za kwaito za Zola pamene anyamata aja akuyenda m'misewu, ndipo kwa kanthawi amaoneka ngati eni dera. Mnyamata wathu akalowa m'golosale ndi nyimbo yogunda mwamphamvu, mtima wa woonera uvina naye limodzi. Akalowa kuli zii, n'kumangomveka kupuma kwa bambo uja, woonera akhala mbali ya woberedwa. Gulu lisankhe likudziwa chimene likuchita. Nyimbo za oimba otchuka zili ndi eni ake, ndipo kanema woikidwa pa YouTube ndi nyimbo yotere akhoza kutsekedwa. Kugunda kwa ng'oma imodzi kojambulidwa ndi ophunzira eni kumagwira ntchito bwino lomwe.

Kulumikiza zidutswa ndi kulemba mayina

Zaka zoposa 100 zapitazo, katswiri wa ku Russia Lev Kuleshov anatenga chithunzi chimodzi cha nkhope ya munthu wosaonetsa zamumtima, nachilumikiza ndi mbale ya chakudya, kenako ndi bokosi la maliro, kenako ndi mkazi. Oonera ankaona njala, chisoni ndi chilakolako pankhope yomweyomweyo. Tanthauzo limabadwa pamene zidutswa ziwiri zakumana. Nkhope ya mnyamata yotsatizana ndi mulu wa ndalama ikunena dyera. Nkhope yomweyo yotsatizana ndi botolo la masiwiti ikunena kuti wakumbukira ubwana wake. Wolumikiza zidutswa ndi amene amalemba nkhani komaliza.

Kudula kosalala kumachitika pakati pa kuyenda. Dzanja likayamba kukankha chitseko m'chidutswa chojambulidwa panja, lipitirize kukankhako m'chidutswa chojambulidwa m'kati, pamalo pomwe linalekezera. Kuti izi zitheke, chochitika chilichonse chijambulidwe chathunthu kangapo kuchokera mbali zosiyana. Liwiro nalo ndi chosankha. Zidutswa za masekondi asanu ndi limodzi kapena kuposa poyamba, zimene zikufupika pang'onopang'ono pamene ndalama zikuwerengedwa pamaso pa mnyamata, zimakweza mantha popanda wina kukuwa. Mapulogalamu monga CapCut pafoni ndi DaVinci Resolve pakompyuta amatha zonsezi. Ali ndi zokongoletsa zambiri zozungulitsa ndi kuphulitsa zithunzi, koma kudula wamba ndi kumene akatswiri amagwiritsa ntchito nthawi zambiri.

Mayina ndi mbali ya nkhani. Mu Goodfellas, Saul ndi Elaine Bass anapanga mayina oyera odutsa mwaliwiro pamdima ngati magalimoto pamsewu waukulu, phokoso la matayala likumveka, kotero woonera amakhala ali paulendo asanaone galimoto. Mwambo wake ndi wakuti limayamba dzina la kampani, kenako ochita sewero, kenako ogwira ntchito zina, ndipo wotsogolera filimu amatchulidwa komaliza. Zilembo zikhale za mtundu umodzi, zowerengeka, zosaphimba nkhope. Dzina la filimu likhoza kubwera pamene funso lafika pachimake: mnyamata wamaliza kuwerenga, wakweza maso, hutala yalira panja, mdima, dzina la filimu.

Nkhanza, chitetezo ndi funso la makolo

Nkhawa ya makolo athu ndi yakale ngati mafilimu a mtunduwu. Little Caesar ndi The Public Enemy zinatuluka mu 1931, Scarface mu 1932, pa nthawi imene dziko la America linaletsa mowa, kuyambira 1920 mpaka 1933, ndipo magulu ogulitsa mowa mozemba analemera kwambiri. Anthu anadandaula kuti mafilimuwa akusandutsa zigawenga kukhala ngwazi. The Public Enemy inaikidwa mawu oyamba onena kuti cholinga chake sikutamanda achifwamba, ndipo kuyambira 1934 malamulo otchedwa Hays Code anayamba kutsatidwa mwamphamvu, oletsa kuonetsa umbanda m'njira yoti woonera aukonde kapena aphunzire kachitidwe kake. Koma mawu olembedwa poyamba sangafafanize zimene kamera, kuwala ndi nyimbo zanena. Ngati filimu yonse yaonetsa suti zokongola, magalimoto ndi ulemu, chilango cha mphindi yomaliza chimaiwalika msanga.

N'chifukwa chake timafunsa gulu lililonse mafunso atatu lisanajambule. Kodi woberedwayo ali ndi nkhope ndi moyo wake, kapena ndi chinthu chongogwa pansi? Kodi woonera aona mtengo umene wachifwambayo akulipira, monga mantha, manyazi ndi kusowa mtendere? Kodi pali chidutswa chimene chikuphunzitsa njira yothyolera kapena yovulazira munthu? Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Filimu yabwino ya achifwamba imaonetsa kukongola kwa mkuyuwo mokwanira kuti timvetse chimene chinakopa mnyamata, kenako imautsegula.

Nkhanza zenizeni sizifunika kuoneka. Mthunzi pakhoma, chitini chogubuduzika pansi, kapena nkhope ya mwana amene akuonerera pazenera zimagwira mtima kuposa magazi a tomato. M'mafilimu a kalabu yathu simukhala mpeni weniweni, fodya kapena mowa, ndipo mfuti zachidole sizituluka kunja kwa mpanda wa sukulu. Ku England ndi mlandu kunyamula pagulu mfuti yachidole yofanana ndi yeniyeni popanda chifukwa chomveka, ndipo ojambula amadziwitsa apolisi asanayambe. Kuno kwathu ngoziyo ndi yaikulunso m'njira ina. Mwana amene akuthamanga ndi chikwama pamsika, mnzake akukuwa kuti wakuba, akhoza kuvulazidwa ndi anthu wina asanafotokoze kuti ndi sewero. Choncho kujambula kulikonse kwa kunja kumachitika mphunzitsi alipo, mwini malo ndi mfumu ya deralo atavomera, oyandikana nawo atauzidwa, ndipo kholo la wophunzira aliyense wooneka m'filimu litasaina kalata yachilolezo. Galimoto ikafunika, imayendetsedwa ndi munthu wamkulu wokhala ndi laisensi.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo ntchitoyi imaphunzitsa zimenezi mosanyengerera. Wolemba, wojambula, woyang'anira mawu ndi wolumikiza amayenera kugwirizana pa chinthu chimodzi chimene akufuna kuti woonera amve, apo ayi chidutswa chilichonse chikoka kwake. Gulu lililonse lidzapereka filimu yake pamodzi ndi tsamba limodzi lofotokoza chifukwa chimene linasankhira malo a kamera, kuwala, phokoso ndi podulira, ndipo tsambalo lidzapatsidwa malikisi ofanana ndi a filimuyo.

Mafilimuwa adzaonetsedwa m'holo ya sukulu kumapeto kwa teremu, ndipo makolo nonse mukuitanidwa. Mukadzaonera, mudzafunse ana anu kuti kamera inaima mbali ya ndani, n'chifukwa chiyani nyimbo inalowa pamene inalowapo, ndiponso n'chiyani chimene anasankha kusaonetsa. Mafunso omwewa ndi othandizanso kunyumba, pa makanema amene anawo amaonera pafoni tsiku ndi tsiku.